Misewu yaphee ya m'minda ya mphesa: tipalase kuti, nthawi yanji?

Yamikani: Abale, mwaswera bwanji nonse. Ndapeza njinga ya mpikisano, ya matayala opyapyala aja, yakale koma ili bwino. Ndalembetsa nawo mpikisano wa njinga wa Cape Town Cycle Tour wa Malichi uno, ndiye makilomita 109 aja sindingawakonzekere pomangozungulira mu Kraaifontein muno. Inu amene mumapalasa cha ku Stellenbosch, Paarl ndi Franschhoek, ndi misewu iti ya m'minda ya mphesa yomwe ilibe magalimoto ambiri? Ndikufuna ya tala, osati ya fumbi. Malole ndimawaopa zedi.

Che Jafali: Takulandirani ku mpingo wa anthu odzizunza okha, achimwene kkkk. Musanafunse za msewu tiuzeni kaye, helemeti muli nayo? Lamulo la dziko lino limafuna aliyense wa pa njinga avale, ndipo ku mpikisanoko sakulolani n'kuyamba komwe mutu uli pamtunda.

Yamikani: Ndili nayo, Che Jafali. Amene anandigulitsa njingayo anandipatsira pamodzi ndi pampu.

Mada: Yambani ndi Jonkershoek. Mukachoka m'tauni ya Stellenbosch n'kudutsa pa Lanzerac, msewu umalowa m'chigwa pakati pa mapiri n'kukathera pa geti ya nkhalango yotetezedwa, makilomita pafupifupi 10 kuchokera m'tauni. Chomwe umakhalira phee n'choti supitirira kwina kulikonse. Wolowamo ndi yekhayo amene ali ndi chochita m'chigwamo, palibe lole yothamangira ku Paarl kapena ku doko. Umakwera mwakachetechete moti popita simuzindikira kuti ndi mtunda, mumangodabwa pobwerera njinga ikuyenda yokha. Devon Valley ndi Blaauwklippen nayonso imakathera m'mafamu, ndiye khalidwe lake n'lofanana. Vuto lake misewu yonseyi ndi yaifupi. Ndi yabwino kuzolowererapo magiya ndi mabuleki, koma miyendo ya 109 simungaipeze mmenemo pokhapokha muzipita n'kubwerera mpaka kutopa nako kuona mitengo yomweyomweyo.

Yamikani: Nanga ndikafuna wautali?

Mada: Apa ndiye ndinena zomwe ena pano sagwirizana nazo. Ine msewu wa magalimoto ambiri koma wokhala ndi mpata waukulu kunja kwa mzere wachikasu ndimaukonda kuposa kamsewu kaphee kopanda mpata. Chitsanzo ndi R310, chikweza cha Helshoogte. Magalimoto amadutsa ambiri ndithu, koma msewu ndi wotakasuka ndipo oyendetsa a kumeneko anazolowera kuona njinga. Pamwamba pake pali mafamu a vinyo a Tokara ndi Delaire Graff, mukatsika mumadutsa cha ku Kylemore ndi Pniel, n'kukafika pamphambano ya R45 pafupi ndi Boschendal. Mukakhotera kumanja mwalunjika ku Franschhoek. Kuchokera ku Stellenbosch ndi makilomita 30 ndi pang'ono, kupita ndi kubwera mwadutsa 60. Kamsewu kaphee, woyendetsa galimoto amaganiza kuti ali yekha, amadula kona ali pafoni. Galimoto imodzi pa mphindi khumi, koma imodzi yomweyo ndi imene imakupezani pokhota.

Che Jafali: Mada, mzere wachikasu wakowo si mpanda. Waiwala chizolowezi cha kuno? Lole kapena bakkie (pikapu) yoyenda pang'onopang'ono imalowa kunja kwa mzere kuti wa kumbuyo apitirire, wina n'kuthokoza ndi mahazadi. Masana lamulo limawalola pa misewu ina ngati akuona patsogolo bwinobwino. Ndiye iwe uli mumpata mwakomo ukudzimva wotetezeka, kumbuyo kukubwera lole yomwe dalaivala wake maso ali pagalasi kuyang'ana amene akumupatsa njira. Komanso zinyalala zonse za pamsewu zimakankhidwira komweko: magalasi osweka, timawaya ta matayala a malole, miyala. Maponchi ambiri amene anthu amandibweretsera amachokera kunja kwa mzere wachikasu.

Mada: Zoona, koma ponchi imamatika. Ndimalola kumata chubu kusiyana ndi kukhudzidwa ndi galasi la galimoto pa kamsewu kopanda pothawira.

Tiyamike: Mwaswera bwanji achimwene onse. Ine ndikuona ngati nonse awiri mukukangana za msewu pomwe nkhani yagona pa wotchi. Ndimagwira ntchito m'lesitilanti kuno ku Franschhoek, ndipo msewu wa R45 ndimauona tsiku lililonse. Loweruka 6 koloko m'mawa ndi msewu wina, 2 koloko masana ndi msewu winanso. Malo olawira vinyo ambiri amatsegula cha m'ma 10 koloko. Kuyambira pamenepo kumabwera magalimoto obwereka, alendo ochokera ku Germany, Netherlands kapena America omwe kwawo amayenda kumanja kwa msewu, ndipo akutuluka pa geti ya famu atalawa magalasi asanu. Si anthu oipa ayi, ambiri ndi aulemu kwambiri, koma munthu wotero potuluka pa geti amayamba wayang'ana mbali yolakwika. Wine Tram, kasitima ndi mabasi ozungulitsa alendo m'mafamu a vinyo, inathandiza kuchepetsa oyendetsa atamwa, komabe si onse amakwera. Achimwene a Yamikani, ikamakwana 11 koloko muzikhala mutatsika panjinga. Basi.

Yamikani: Achemwali, ndiye Lamulungu m'mawa ndi bwino kuposa Loweruka?

Tiyamike: M'chigwa muno inde, malole amakhala ochepa. Koma chikweza cha Franschhoek Pass Lamulungu m'mawa ndi cha anyamata a njinga zamoto ndi magalimoto aliwiro. Amabwera m'magulu kudzayesa makona. Mumawamva akadali kutali, phokoso likugunda m'mapiri.

Mada: Chikweza chimenechocho n'chokoma, asakuopsezeni. Chimayambira pa Huguenot Monument pomwe, makilomita pafupifupi 7 mpaka pamwamba, ndipo sichikupatsani popumira koma sichikhalanso chogwetsa munthu. Mukafika pakona yakuthwa ija n'kucheuka, chigwa chonse chili pansi panu, minda ya mphesa itandandalika mizeremizere. Kuseri kwake msewu umatsikira ku damu la Theewaterskloof ndi ku Villiersdorp, ndipo mumawoloka kamlatho ka miyala ka Jan Joubertsgat, ka m'ma 1820, komwe magalimoto akudutsabe mpaka lero. Anyani alipo, musatulutse nthochi pamaso pawo.

Che Jafali: Munthu wangogula njinga dzana, iwe ukumutumiza kale ku anyani kkkk.

Gift: Ndakhala ndikuwerenga chete. Ndiloleni ndiyankhulepo ngati munthu amene misewu mukuitcha yapheeyo ndi ya kuntchito kwake. Ndimayendetsa thirakitala pa famu ina cha ku Simondium. Achemwali a Tiyamike anena zoona kuti m'mawa alendo kulibe, koma panopa tili m'nyengo yokolola. Kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka Malichi, pena mpaka Epulo, m'mawa ndi nthawi yathu. Mphesa zimafunika zithyoledwe kusanatenthe, zikafike kofinyira zikadali zozizira, apo ayi zimayamba kuwira zisanalowe m'thanki. Ndiye mbandakucha malole onyamula anthu okathyola ali kale pamsewu, ndipo dzuwa likamatuluka ife tayamba kale kukoka ngolo zodzaza. Thirakitala yokoka ngolo ziwiri siima pomwepo ngati galimoto. Ndikamatuluka pa geti ya famu, mphuno ya thirakitala imakhala italowa kale mumsewu ine ndisanaone bwino mbali zonse chifukwa cha mitengo ya m'mphepete. Gulu la njinga likutsika pa liwiro la makilomita 50 pa ola, lopanda phokoso lililonse, ine injini ili m'makutu. Mtima umandigunda kuposa inuyo.

Yamikani: Zimenezi ndiye sindikanaziganiza. Ndiye tizitani tikaona geti?

Gift: Mukaona geti ya famu pomwe pali matope kapena fumbi lotuluka kulowa pa tala, dziwani kuti pamenepo pakutuluka thirakitala, chepetsani liwiro. Chinanso, ngolo zimadontha. Madzi a mphesa akagwera pa tala amaterera, makamaka pakona pomwe ngolo imapendekeka. Mukaona mzere wakuda wonyowa pamsewu mvula isanagwe, musaugwirire buleki pamwamba pake. Njuchi nazonso zimatsatira ngolo, tsekani zipi ya malaya. Ndipo musamabisale kumbuyo kwa ngolo kuthawa mphepo. Ndimawaona pagalasi anyamata akuchita zimenezi. Ngolo zambiri za pafamu nyali zake za buleki sizioneka ndi fumbi.

Mada: Amenewo ndi anyamata opikisana liwiro pa Strava, pulogalamu ya pafoni ija, ine ayi kkkk.

Gift: Ndinu nomwe, achimwene, malaya anu ofiira aja ndimawadziwa.

Che Jafali: Wagwidwa!

Ankolo Mbewe: Ana anga, ndakupezani mochedwa, ndinali ku kwaya. A Yamikani, mukadzalimba miyendo mudzabwere kuno ku Wellington ndidzakuonetseni Bainskloof. Pa misewu yonse imene yatchulidwa apa, palibe woposa umenewu pa bata. Chifukwa chake n'chooneka ndi maso: kuseri kwake kuli thanthwe lotchedwa Dacre's Pulpit lomwe lalendewera pamwamba pa msewu, ndiye malole ataliatali sangadutse. Opita ku Worcester ndi kumpoto amadzera N1 pa Huguenot Tunnel yomwe inatsegulidwa mu 1988. Kuno kumatsala ife, alimi ochepa ndi anthu okasambira ku Tweede Tol. Msewuwu anaumanga Andrew Geddes Bain ndi akaidi, unatsegulidwa mu 1853, ndipo zipupa za miyala zomwe anaunjika popanda simenti zikugwirabe msewu. Anaukonzanso zaka zapitazi, tala wake ndi wosalala. Mumayamba kukwera muli pakati pa minda, kenaka mitengo, kenaka miyala yokhayokha. Mukatsikira kuseri n'kuwoloka mtsinje wa Breede, chigwa cha Slanghoek chili pafupi, mphesa mbali zonse ziwiri ndipo galimoto mumachita kuziwerenga. Koma ndi wopapatiza, ndipo mbali imodzi ndi phompho. Potsika musatengeke.

Ankolo Mbewe: Ndiwonjezere kanthu kena, poti ambiri mumangodutsa osadziwa. Kutsogolo kwa tchalitchi chachikulu cha Dutch Reformed m'tauni muno muli chiboliboli cha Andrew Murray, amene anali m'busa kuno kuyambira 1871. Mwana wa m'bale wake, A.C. Murray, ndi amene anakayambitsa mishoni ya Mvera ku Dowa mu 1889 pamodzi ndi T.C.B. Vlok, ndipo Sinodi ya Nkhoma inachokera pamenepo. William Murray amene anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika ndi wa banja lomwelo. A.C. Murray anaphunzira pa sukulu ya ubusa ya ku Stellenbosch, kumtunda kwa Dorp Street komwe mumadutsa popita ku Jonkershoek. Ine wa ku Nkhoma ndikamayambira ulendo pa tchalitchi chimenechi sindimadziona ngati mlendo kwenikweni.

Tiyamike: Ankolo, zimenezi sindinkazidziwa, chikhalirecho ndinaphunzira ku Dowa konko.

Che Jafali: Ankolo akayamba mbiri tiyi amazizira. Koma Bainskloof ndikuvomereza. Chokhacho, madzi. Mukachoka mu Wellington palibe shopu yodalirika mpaka kutsidya. Febuluwale kuno ku Paarl ndi ku Wellington kutentha kumafika 40, ndipo mphepo ikaima m'chigwa mumakhala ngati mulibe mpweya. Mabotolo awiri, osati limodzi. Limodzi muthiremo kamchere pang'ono ndi shuga ngati mulibe ndalama ya maufa a m'mashopu a njinga aja.

Yamikani: Nanga mphepo? Ku Kraaifontein kuno madzulo imachita kukankha munthu.

Che Jafali: Ife a ku Mangochi timaudziwa mwera, umene umabweza asodzi pagombe. Wa kuno ndi mwera womwewo, wochokera kummwera chakum'mawa, kungoti kwathu umawomba nthawi yozizira pomwe kuno umalusa m'chilimwe, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi. Mu 2017 mpikisano umene mwalembetsawo unalephereka chifukwa cha mphepo yomweyi, anthu ankagwa pamalo oyambira njinga zikuuluka m'manja. Nzeru yake ndi imodzi: popita muzilimbana nayo muli ndi mphamvu, pobwera izikukankhani. Kuchokera pa Boschendal kulowera ku Franschhoek nthawi zambiri imakumenyani kumaso, pobwerera mumadzimva katswiri. Imakonda kukula masana, chomwe ndi chifukwa chinanso chomvera achemwali aja pa nkhani ya 11 koloko. Mukaona mtambo woyera wakhala pamwamba pa mapiri ngati ukusefukira, musakwere Franschhoek Pass tsiku limenelo. Pamakona apamwamba imabwera cham'mbali mwadzidzidzi, ndipo njinga yopepuka ngati yanuyo imasuntha yonse.

Mada: Makamaka ngati malimu ake ndi akuya aja.

Yamikani: Anga ndi wamba. Matayala alembedwa 23, mamilimita a m'lifupi mwake.

Che Jafali: Akatha amenewo mudzagule 28 ngati felemu ikulola, kapena 25. Misewu ya m'mafamu tala wake ndi wokhakhala, 23 imakugwedezani mpaka manja kuchita dzanzi. Ndipo musamapope mpaka tayala kuuma gwa poganiza kuti ndiye liwiro. Machubu awiri m'thumba, zigamba, sulushoni, ndi tizitsulo totsegulira tayala. Mdani wamkulu kuno ndi timinga ta duwweltjie tomwe timamera m'mphepete mwa msewu nthawi yotentha. Mukaima kuti mujambule chithunzi, njinga isatsike pa tala. Inyamuleni. Mukaiyendetsa pa udzu wouma mamita awiri okha, mupeza timinga tatu tili pa tayala. Musanakwerenso pititsani chala pa matayala onse.

Kondwani: Moni kuchokera ku Lilongwe. Ine ndimangosirira zithunzi zanu. Koma funso langa ndi lakuti, mumadutsa m'minda yonseyi osalawako? Kapena mukubisa?

Tiyamike: Kkkk achimwene, alipo alendo amene amabwereka njinga n'kumayenda famu ndi famu akulawa, koma amenewo amayenda pang'onopang'ono m'tinjira ta m'minda. Pa njinga ya mpikisano, mimba ili pululu, thukuta litatha m'thupi, galasi limodzi limakwana kukusokonezani potsika Helshoogte. Kukafuna kulawa, bwerani tsiku lina. Ndidzakulawitsani Pinotage, mphesa ya kuno kwenikweni, yomwe Abraham Perold anaipanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut. Ena amaikonda, ena amati imamveka utsi. Ine ndimaigulitsa tsiku lililonse koma ndimamwa Fanta.

Gift: Nkhani ya kulawa imeneyi kwa ife a m'mafamu ili ndi mbali ina. Azigogo amene ndimagwira nawo ntchito anakulira m'nthawi ya dop, pomwe gawo la malipiro linali vinyo, kapu m'mawa, kapu masana, kapu poweruka. Lamulo linaletsa kalekale koma chizolowezicho chinapitirira m'mafamu ena zaka zambiri, ndipo mabala ake akuoneka m'mabanja mpaka lero. N'chifukwa chake Lachisanu madzulo ndi Loweruka la malipiro muzisamala ndi anthu oyenda pansi m'misewu ya m'mafamu. Munthu akhoza kulowa mumsewu osayang'ana. Si kuti ndikunyoza anzanga, ndikungonena zomwe zilipo.

Gift: Ndipo poti ndayamba, ndimalize. Chimene chimandipweteka ine si liwiro lanu. Ndi kusapereka moni. Gulu la anthu khumi likudutsa azimayi amene akuyenda wapansi kupita kokathyola mphesa, mpata womwewo wa kunja kwa mzere wachikasu ndi umene iwo akuyendamo, wina n'kukuwa kuti apatuke ngati msewu ndi wake. Njinga imodzi pagulupo mtengo wake ndi malipiro a mayiyo a chaka chonse kapena kuposa. Mu 2012 anthu a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito, kutseka N1, akulandira R69 pa tsiku n'kumafuna R150. Boma linakweza kufika R105 mu 2013. Anthu amenewa amakumbukira. Mizere yokongola imene mumajambulayo, mtengo uliwonse unadulidwa ndi dzanja mu Julayi ndi Ogasiti, mvula ikugwa, zala zitauma. Ife Amalawi tisatengere khalidwe lodutsa anthu ngati mitengo. Kungoti môre kapena molo, n'kukweza dzanja, sikuchepetsa liwiro.

Mada: Achimwene a Gift, pa moni ndikugwirizana nanu kwathunthu. Koma pa mtengo wa njinga musatiphatikize tonse. Yanga ndinagula kwa bwana wina amene inamukwana, ndinalipira miyezi ingapo. Ambiri pano timagwira ntchito m'magaladeni, m'makhitchini ndi pa zomanga. Tikavala malaya othina aja ndi magalasi timaoneka ngati olemera, pomwe Lolemba tonse tili pa mzere wa takisi. Ndipo kukuwa kuja nthawi zina n'kuchenjeza, osati mwano. Njinga ilibe hutala.

Gift: Kuchenjeza ndi kukalipa zimamveka mosiyana, achimwene, ngakhale kwa munthu wosamva Chingerezi.

Ankolo Mbewe: Nonse mukunena zoona, musakokanekokane. Ine ndinamangirira belu pa handulo. Anyamata amandiseka kuti njinga ya mpikisano siikhala ndi belu, koma ndikaliza patali anthu amacheuka akumwetulira. A Gift anena za anthu a m'mafamu: mukamadutsa pa Pniel muzidziwa kuti mudzi umenewo unayamba mu 1843 ngati mishoni ya anthu amene anali atangomasulidwa ku ukapolo m'mafamu omwewa. Anthu ake ndi onyadira mudzi wawo. Lamulungu m'mawa amawoloka msewu kupita ku tchalitchi, ana ndi agogo omwe. Kutsika kuchokera ku Helshoogte kumakupatsani liwiro lalikulu, ndiye muzifika pamenepo zala zili pa mabuleki.

Tiyamike: Pali chinanso chomwe palibe wachitchula, ndipo kwa ine mzimayi ndiye choyamba. Msewu waphee ndi waphee kwa akuba omwe. Mnzanga wina anamulanda njinga ndi foni pa kamsewu ka pakati pa mafamu, dzuwa likuswa mtengo. Anamukankha ali pa mtunda pomwe njinga imayenda pang'onopang'ono, ndipo panadutsa nthawi yaitali galimoto isanabwere. Akanakhala pa R45 sakanayerekeza. Ndiye pamenepa ndili mbali ya a Mada pang'ono. Ndekha sindilowa m'timisewu tomwe mulibe anthu. Tikakhala anayi kapena asanu, ndimalowa paliponse.

Mada: Mwamva, Che Jafali?

Che Jafali: Ndamva, koma achemwali sananene kuti msewu waukulu ndi wabwino. Anena kuti osayenda wekha. Ndi nkhani ziwiri zimenezo.

Tiyamike: Ndanena zonse ziwiri kkkk.

Yamikani: Ndiye tikakhala gulu timayenda awiriawiri kuti tizicheza, kapena bwanji? Ndimawaona ena atadzaza msewu.

Mada: Amenewo akuphwanya lamulo. Malamulo a Western Cape a 2013 amati woyendetsa galimoto asiye mpata wosachepera mita imodzi podutsa njinga, koma amatinso ife tiziyenda mondondozana, kumanzere, popanda zomvera nyimbo m'makutu, ndipo kukada tikhale ndi nyali kutsogolo ndi kumbuyo. A Pedal Power Association ndi amene amalimbikitsa uthenga wa mpata uja, mwina munaonapo malaya awo achikasu. Nyali yofiira ya kumbuyo ine ndimayatsa ngakhale masana. M'misewu ya mitengo ngati Jonkershoek, woyendetsa akuchoka padzuwa kulowa pamthunzi saona bwino kwa kanthawi, ndipo nyali yophethira ndi imene imamuuza kuti muli pamenepo. Pagulu, wa kutsogolo amaloza dzenje ndi dzanja, wa kumbuyo amakuwa galimoto ikamabwera. Musamayang'ane tayala la mnzanu lokha, muziyang'ana kupyola phewa lake.

Che Jafali: Ulendo wanga wa Lamulungu ndi uwu, a Yamikani, muone ngati ungakukomereni. Kuchoka ku Paarl kudzera R301, msewu wa Wemmershoek. Mumadutsa pa geti ya ndende ya Drakenstein, yomwe kale inali Victor Verster, pomwe Mandela anatulukira pa 11 Febuluwale 1990. Chiboliboli chake chili pomwepo, chibakera m'mwamba, ndipo aliyense wobwera koyamba timamujambula pamenepo. Kenaka kukalowa R45 mpaka ku Franschhoek, khofi, n'kubwerera kudzera ku Simondium. Mitunda yake ndi yochepa, ndi ulendo wophunzirira kukhala pa chishalo maola atatu.

Gift: Mukafika pa Simondium mukhoza kukhotera msewu wa ku Klapmuts, wodutsa pa Babylonstoren. M'mawa ndi wabwino, phiri la Simonsberg lili kumanzere kwanu. Koma ukangokwana nthawi yotsegula, magalimoto a alendo amachita mzere. Ndipo mageti a mathirakitala ndi ambiri mmenemo, imodzi mwa iwo ndi yanga.

Mada: Kuchokera pa Klapmuts n'kutenga R44 kubwerera ku Stellenbosch mwazungulira Simonsberg yense. Koma R44 ndiye msewu wa mkangano wathu uja: mpata ulipo, liwiro la magalimoto ndi loopsa.

Che Jafali: Umenewo ine ayi. Ndibwerera njira yomwe ndadzera.

Ankolo Mbewe: A Yamikani, mpikisano ukadzatha musadzapachike njinga. Ambiri amatero, Malichi akatha njinga kudenga mpaka Disembala. Chikhalirecho nyengo yokoma kupalasa kuno ndi Epulo ndi Meyi. Kukolola kwatha, mathirakitala a Gift apuma, alendo achepa, mphepo yagona, ndipo masamba a mphesa asanduka achikasu ndi ofiira. Juni mpaka Ogasiti ndi mvula, dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko ndipo nkhungu imagona m'zigwa, koma pakati pa mvula ndi mvula pamabwera masiku owala omwe pamwamba pa mapiri pamaoneka chipale. Pamenepo mumangofunika magolovesi aatali ndi nyuzipepala pachifuwa potsika.

Gift: Sitipuma, Ankolo, timangosintha chokoka. Kukolola kukatha ndi manyowa, kukaphukira ndi mankhwala opopera. Mukaona thirakitala ikupopera pafupi ndi msewu mphepo ikulowera kwanu, tsekani pakamwa mudutse msanga.

Yamikani: Zikomo nonse, mwandipatsa zambiri. Ndiye ndikuganiza chonchi: Loweruka lino Jonkershoek kawiri kuti ndizolowere njinga, sabata yamawa Helshoogte mpaka ku Franschhoek ngati alipo ondiperekeza. Bainskloof ndisungire Ankolo.

Mada: Loweruka ndilipo. Tikumane kumtunda kwa Dorp Street 6 koloko, kuwala kumakhala kutayamba. Kuchokera ku Kraaifontein mubwera bwanji? Musadzere msewu wa Bottelary nokha kukadali mdima.

Yamikani: Msuweni wanga amapita ku Stellenbosch ndi bakkie ya kuntchito 5 koloko, ndikwera naye.

Tiyamike: Sabata yamawayo ndikudikirirani pa mphambano ya Boschendal, ndidzabwerera nanu limodzi. Koma 10 koloko ndikhale nditafika, shifiti yanga ikuyamba 11.

Che Jafali: Ine Loweruka ndili ndi njinga zitatu za anthu zofuna masipoko, sindibwera. A Yamikani, Lachisanu madzulo munditumizire chithunzi cha tcheni ndi mabuleki. Njinga zogula kwa anthu zimabwera ndi marabala a buleki otha, ndipo Mada sadzakuuzani, iye amangoyang'ana liwiro.

Mada: Bweretsani machubu awiri, a Yamikani. A 23 ine ndilibe.